Ndalama za ku Joni zikulowera kuseri chifukwa khomo la kumaso ndi lodula

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya ndalama zimene abale athu ogwira ntchito kunja amatumiza kuno kumudzi, popeza masiku ano sipapita nthawi osamva akuluakulu akuzitchula ngati mankhwala a vuto la kusowa kwa ndalama zakunja. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala m'boma la Mangochi, ndipo m'banja mwathu ulendo wa kummwera wadutsa mibadwo itatu. Bambo anga anakumba golide atapita kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa, achimwene anga anatchona ku Halale, ndipo lero mwana wanga wachiwiri ali ku Cape Town komwe amasamala maluwa ndi kapinga panyumba za anthu. Zambiri zimene ndilembe pano ndazionera pakhonde panga.

Tiyambe tavomerezana kuti ndalamazi zili ndi eni ake. Mnyamata amene amadzuka mbandakucha ku Johannesburg kukathira mafuta m'magalimoto, n'kumagona m'kachipinda ka malata pamodzi ndi anzake anayi kuti apulumutseko malandi pang'ono, amavutikira mayi ake, mkazi wake ndi ana ake, ndipo za nkhokwe ya boma ya ndalama zakunja saziganizira n'komwe. Ndondomeko iliyonse imene iyambire pa funso lakuti boma lipeza bwanji gawo lake idzalephera, chifukwa mwini ndalama ali kutali, lamulo lathu silimufika, ndipo njira zotumizira ali nazo zambiri. Boma lingathe kumukopa basi, ndipo munthu amakopeka akaona kuti njira yovomerezeka ikufikitsa makwacha ambiri kwa mayi ake kuposa njira ina iliyonse.

Kale zinthu sizinali choncho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandire akabwerera kuno, zomwe zinkabweretsera dziko ndalama zakunja zochuluka popanda kunyengerera aliyense. Ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu April 1974, n'kupha anthu oposa 70, Dr Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu. Unayambanso mu 1977 ndi anthu ochepa, kenaka unatheratu kutsatira mkangano wa mu 1988 wokhudza kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Ubwino wa dongosolo lija unali woti munthu ankafika pakhomo ndi ndalama yooneka nthawi imodzi, n'kugula malata, njinga, makina osokera kapena ng'ombe. Bambo anga anamanga nyumba ya njerwa zootcha yoyamba m'mudzi mwathu ndi ndalama zoterezo. Koma mnyamata wa lero sapita ndi kontirakiti. Amakwera basi kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, n'kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, amapatsidwa masiku 30 pachipata, masikuwo amatha iye ali pa ganyu, ndipo kuyambira pamenepo palibe kaundula wa boma lililonse amene amamudziwa. Malipiro a munthu wotereyu palibe amene angawadule kuti awasunge.

Chimene chikuthamangitsa ndalamazi pakhomo la kumaso, kuposa china chilichonse, ndi kusiyana kwa mtengo wosinthira ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, komabe m'chaka cha 2025 dola imodzi inkasinthidwa pafupifupi K1,750 m'mabanki pamene osintha ndalama a m'misewu ankapereka zoposa kuwirikiza kawiri. Masamu ake ngakhale mwana wa sitandade 5 angawerengere. Madola 100 odzera kubanki ankabala K175,000, pamene omwewo akadzera pa blaki ankaposa K350,000. Bambo amene mwana wake wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi simungamuuze kuti asiye theka la thukuta lake patebulo chifukwa chokonda dziko, ndipo amene amanena zimenezi pawailesi ndikukayika ngati iwo eni amachita zomwezo akapeza dola.

Ambiri amaganiza kuti ndalama zodzera kuseri zimabwera m'masokosi a madalaivala a mabasi ndi matilansipota. Zina zimabweradi motero, pamodzi ndi mabulangete, mafiliji ndi masola omangidwa pa tireila, koma zambiri sizidutsa malire n'komwe. Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Lilongwe amene akufuna kukaoda katundu ku Johannesburg, mabanki atamuuza kuti ndalama zakunja palibe, amagwirizana ndi munthu wa kumeneko amene amatolera malandi kwa anyamata athu. Wamalondayo amapereka makwacha kwa mabanja kuno, kawirikawiri pafoni tsiku lomwelo, ndipo akafika ku Joni amakatenga malandi aja n'kugulira katundu. Banja lalandira, wamalonda wapeza zofuna zake, koma Banki Yaikulu ya Reserve sinaone kalikonse, ndipo ndalama yomwe ikanatha kulipirira mafuta, feteleza kapena mankhwala a m'zipatala yapita ku zovala ndi zodzoladzola. Kugwira mavenda a ndalama pamsika sikungathetse zimenezi, popeza malonda enieni amachitika pa WhatsApp pakati pa anthu odziwana.

Maiko ena anayesa kupereka kabonasi kwa otumiza kudzera njira zovomerezeka. Bangladesh inayamba kuwonjezera 2 peresenti mu 2019, n'kukweza kufika pa 2.5 peresenti mu 2022, ndipo Nigeria mu 2021 inkapereka manaira 5 pa dola iliyonse. Nzeru imeneyi imagwira ntchito pamene mitengo iwiri ija yayandikana, koma kabonasi ka 2 kapena 3 peresenti sikangakwirire dzenje lofika 100 peresenti. Ku Egypt ndalama zotumizidwa kudzera m'mabanki zinatsika kwambiri mu 2023 pamene mtengo wa mumsewu unathawa, ndipo zinabwerera mwamphamvu boma litalola mu March 2024 kuti mtengo wa m'mabanki utsate msika. Ndikudziwa ululu umene kugwa kwa kwacha kumabweretsa, chifukwa penshoni yanga ndi ya makwacha ndipo ndinaona mmene shuga ndi feteleza zinadumphira mu November 2023. N'chifukwa chake sindikupempha kuti kwacha igwetsedwe mawa. Ndikupempha kuti makampani okhala ndi ziphaso aloledwe kusintha ndalama za mabanja zochokera kunja pa mtengo woyandikira wa msika, poyera, ndipo wolandira akhale ndi ufulu wosunga malandi kapena madola ake muakaunti ya ndalama zakunja, n'kuwatapa tsiku limene wafuna popanda kukakamizidwa kuwasintha. Ena anena kuti kutero n'kuvomereza mitengo iwiri. Mitengo iwiriyo ilipo kale, kungoti wachiwiriwo ukudyetsa anthu a mumdima.

Nkhani ya malipiro otumizira ikubwera pambuyo pa imeneyi, ngakhale kuti ndi imene imakambidwa kwambiri pamisonkhano. Maiko a mu United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike kufika pansi pa 3 peresenti, koma kuno ku Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara wakhala uli pafupifupi 8 peresenti, ndipo njira zochokera ku South Africa kupita kumaiko oyandikana nayo zakhala m'gulu la zodula kwambiri padziko lonse. Tiyamikire kuti kubwera kwa makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa, komanso kulandira kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, kwachepetsa mavuto poyerekeza ndi nthawi imene tinkadikira kalata ya ku positi ofesi. Komabe mtengo weniweni umene mayi wa kumudzi amalipira suthera pa risiti. Amalipira potapa, amalipira kabaza kupita pamsika, ndipo akapeza kuti ejenti alibe ndalama yokwanira amakweranso minibasi kupita kuboma. Kulimbikitsa mpikisano, kuletsa mapangano oti ejenti azigwira ntchito ndi kampani imodzi yokha, ndi kugwiritsa ntchito mokwanira njira yolipirirana ya mabanki a mu SADC yomwe inayamba mu 2013, zonsezi zingadule mtengowu. Ndipo aphungu athu asadzayese kuika msonkho pa ndalama zolandira kuchokera kunja, chifukwa tsiku lomwelo adzakhala atapereka makasitomala onse kwa anthu a pa blaki.

Palinso vuto la mapepala. Malamulo a ku South Africa amafuna kuti wotumiza ndalama adziwike, ndipo m'bale wathu amene pasipoti yake inatha kapena inatayika kawirikawiri amatsala ndi njira za kuseri zokha. Tili ndi chitupa cha unzika kuyambira 2017, tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Maofesi amenewa atamayendera Durban, Cape Town ndi matauni ena kangapo pachaka kukalembetsa ndi kukonzanso zitupa, ndipo boma litakambirana ndi akuluakulu a zachuma a dzikolo kuti chitupa cha Mmalawi chizikwanira potumiza ndalama zochepa, anthu masauzande akanalowa m'njira yovomerezeka. Pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo kumayambiriro kwa 2024, tinkangoganiza za ofuna kutuluka, kuiwala kuti kunjako kuli anthu amene pasipoti ndiyo kiyi yawo ya kubanki.

Tsopano ndibwere kumudzi, kumene ndalamazi zimathera. Ndimamva kawirikawiri anthu ophunzira akudandaula kuti ndalama za ku Joni zimangodyedwa. Amene amanena zimenezi sanakhalepo m'mudzi mwezi wa February chaka cha njala. Thumba la chimanga logulidwa ndi malandi limasunga mwana m'kalasi, ndipo ine monga mphunzitsi ndinkadziwa bwino ana amene bambo awo ankatumiza, chifukwa ndi amene ankafika sitandade 8 ali ndi makope ndi yunifolomu. Namondwe wa Freddy atasesa zigawo za kummwera mu March 2023, mabanja ambiri thandizo loyamba analandira pafoni kuchokera kwa ana awo, galimoto za chithandizo zisanafike. Fizi, mankhwala, feteleza ndi malata ndi chitukuko ndithu, ngakhale sichitsegulidwa ndi nduna.

Chimene chimandipweteka ndi ndalama yotsala ija, imene munthu amafuna kuti imumangire tsogolo. Mdzukulu wa mlongo wanga anatumiza ndalama zaka zinayi kuti amumangire nyumba, ndipo wachibale amene anamudalira ankamutumizira zithunzi za nyumba ya munthu wina. Atabwera anapeza maziko okha atamera udzu, ndipo nkhaniyo inathera kwa ankhoswe ndi amfumu chifukwa panalibe pepala lililonse. Nkhani zotere m'boma lino komanso ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay aliyense ali nayo yake, pamodzi ndi za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu. Munthu akapsa kamodzi motere amasiya kutumiza za chitukuko, n'kumangotumiza za ndiwo. Apa ndi pamene boma ndi mabanki angathandize popanda kuwononga ndalama zambiri. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo kalembera ameneyu atafulumizitsidwa m'maboma amene anthu ake ambiri ali kunja, munthu angagule malo ali ku Durban mtima uli m'malo. Mabanki ndi ma SACCO angathe kusunga ndalama ya nyumba n'kumalipira mmisiri gawo ndi gawo, munthu wawo atakaona kuti khoma lafikadi pawindo. Angathenso kukonza zoti fizi izipita kusukulu mwachindunji, ndipo ya feteleza izipita kwa wogulitsa, kuti ndalama isamapotoke panjira.

Chinanso n'chakuti mayi amene wakhala akulandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu ali ndi umboni wa malipiro wofanana ndi wa mphunzitsi kapena wapolisi, koma akapita kukapempha ngongole yogulira pampu ya mthirira kapena injini ya boti amafunsidwa chikole chimene alibe, n'kukathera kwa akatapila. Banki Yaikulu itauza mabanki kuti mbiri ya kalandiridwe kameneka iziwerengedwa popereka ngongole, banja likanakhala ndi chifukwa china chodzera njira yovomerezeka, popeza ndalama ya pa blaki sisiya mbiri. Magulu a banki mkhonde, omwe amayi ambiri olandira ndalamazi ali kale mamembala, akhoza kukhala mlatho wake.

Pa za mabondi ogulitsa kwa Amalawi okhala kunja, omwe ndi njira yoti boma libwereke ndalama kwa iwo n'kudzabweza ndi chiwongoladzanja, ndili ndi chikayiko. India inapeza mabiliyoni a madola mwa njira imeneyi mu 1998 ndi mu 2000, ndipo Nigeria inapeza madola 300 miliyoni mu 2017, koma Ethiopia itayesa koyamba mu 2008 anthu ake sanagule monga ankayembekezera. Munthu amabwereketsa ndalama kwa amene amamukhulupirira, ndipo Mmalawi wa ku Manchester kapena ku Washington amawerenga nyuzipepala zomwezi, amakumbukira Cashgate ya 2013, ndipo amadziwa kuti mitengo ya zinthu ikamakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, monga zinalili mu 2024, chiwongoladzanja cha makwacha chimangosungunuka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati bondi yotere ikhalepo, ikhale ya ndalama zakunja, ya ntchito imodzi yodziwika monga malo opangira magetsi, ndipo ndalama zake zisungidwe padera, zisalowe mu Akaunti Nambala 1, thumba lalikulu la ndalama za boma.

Ndondomeko ya boma yokhudza Amalawi a kunja ya 2017, ndi lamulo lolola unzika wa maiko awiri lomwe aphungu anavomereza mu 2018, zinali zoyenera. Dandaulo langa ndi loti tikamati Amalawi a kunja, maso athu amathamangira kwa madokotala, manesi ndi aphunzitsi a m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America, ndipo misonkhano imachitikira m'mahotela. Unyinji wa otumiza ndalama ndi alonda, osoka, ogwira ntchito zapakhomo ndi a m'mashopu a ku South Africa, ndipo amenewa bondi siwakhudza. Chimene chingawakhudze ndi chonga chimene Mexico inachita kuyambira 2002, pamene magulu a anthu ochokera mudzi umodzi akasonkha ndalama ya chitukuko cha kwawo, boma lalikulu, boma la chigawo ndi khonsolo ankaikapo aliyense ndalama yofanana nayo, moti dola imodzi inkasanduka zinayi. Anyamata athu ali kale ndi magulu otere, a maliro ndi a chipereganyu, ndipo ena amangapo kale mizikiti, matchalitchi ndi mijigo kwawo. Khonsolo itamaikapo kwacha pa kwacha iliyonse yomangira chipinda chophunzirira kapena mlatho, zambiri zikanachitika, pokhapokha ntchitoyo azisankha ndi osonkhawo ndi mudzi wawo, ndipo phungu asadzabwere kudzapakapo utoto wa chipani.

Pomaliza pa zimene ndaona, ndalama yochuluka imatha pa tsoka. M'bale akamwalira ku Joni, kubweretsa thupi kumatha ndalama imene anasunga zaka zambiri, ndipo amene wagwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela, kumene dziko la South Africa limasunga alendo oti abwezedwe kwawo, kapena wathawa zipolowe zodana ndi alendo monga za 2008, 2015 ndi 2019, amafika pa Mwanza ndi jumbo yokha. Inshuwalansi yotsika mtengo ya maliro ndi ya ngozi, yolipiridwa pang'onopang'ono potumiza ndalama, ingateteze mabanja ambiri. Ndipo popeza boma layambanso kutumiza achinyamata kukagwira ntchito kunja, monga 221 amene ananyamuka ulendo wa kuminda ya ku Israel mu November 2023, mapangano ake aziikidwa poyera, malipiro ndi zodulidwa zizidziwika munthu asanakwere ndege, ndipo ngati pali ndalama yosungidwa ikhale muakaunti ya dzina la mwini wake. Tisaiwale kuti mpaka lero nkhalamba zambiri zimene zinagwira ntchito m'migodi zikuyendabe ndi mapepala ong'ambika kufunafuna ndalama zawo, ngakhale kuti bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa mu 2020 kuti lipereke chipukuta misozi cha malandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a m'mapapo ochokera ku fumbi la m'migodi ya golide. Achinyamata akuona mmene agogo awo akuvutikira, ndipo boma litathandiza nkhalambazi kuyezetsa ndi kulemba mafomu m'maboma mwawo, lingakhale litayamba kubweza chikhulupiriro chimene mfundo zonse ndatchulazi zikudalira.

Pempho langa kwa Banki Yaikulu ndi laling'ono ndipo lingayambe mwezi wamawa. Izisindikiza m'nyuzipepala muno, ndi kuulutsa pawailesi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kuti munthu akatumiza malandi 1,000 kudzera ku kampani iliyonse yokhala ndi chiphaso, ndi makwacha angati amene amafika m'manja mwa wolandira zonse zitachotsedwa. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chuma nayonso ibwere ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Mzimba bajeti isanakambidwe, idzamve kwa amayi amene amaima pamzere wa ejenti tsiku lililonse. Mwana wanga amaimba foni kumapeto kwa mwezi kufunsa kuti atumize kudzera kuti, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikumuuza kuti ayambe wafunsa anzake mtengo wa tsikulo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Mangochi